Matumba a Atsibweni Pamsewu

Lachinayi, mwezi wa Ogasiti, ku Majaua. Tsiku lotopetsa, fumbi mpaka m'mano.

Atsibweni akadali pamsewu ndi matumba awo a chimanga, kudikira lole ya boma. Akuti nkhondo isanabuke inkabwera yokha, ndi sikelo yake ndi mtengo wake.

Titabwerera kuchokera kukampu ku Malawi, boma linatipatsa mbewu ndi makasu, amvekere limani kwambiri dziko lidzuke. Talimadi. Lero a shefi, mkulu wa boma kuno, atisonkhanitsa n'kutiuza kuti boma linasiya kugula mbewu, aliyense adzipezere wogula. Ndawafunsa kuti wogulayo adzera pati, popeza mlatho umene unagwa pankhondo udakali m'madzi. Angoti, "Funso labwino," n'kuliza njinga yamoto.

Masana kunafika anyamata a njinga ochokera ku Muloza, makwacha ali m'manja. Atsibweni awapirikitsa, kenako anditembenukira. "Mphwanga, ine ndigulitse kwa ana opanda sikelo? Boma silingamuiwale munthu kawiri."

Chimanga chimenechi ndiye malata a nyumba yawo, ndipo mvula siidikira lole.

Madzulo ndapisa dzanja m'thumba limodzi, latuluka lili mbuu ndi ufa. Anankafumbwe ayamba kale kugula. Atsibweni sindinawauze. Mwina mawa, akamwa tiyi...