Dzina limene ndinapatsa Halimatu

Manja, Blantyre
9 Okutobala 2018

Okondedwa achimwene a Wilkins,

Ndikhulupirira muli bwino pamodzi ndi alamu. Kodi mwendo uja wasiya kutupa? Ine thupi lili bwino, koma mtima ukuwawa, n'chifukwa chake ndalemba.

Mukudziwa kuti ndimasesa ndi kutseka holo ya mpingo kuno ku Manja. Chaka chatha kunabwera mnyamata wa sukulu zambiri, Trevor, n'kuyambitsa tenisi ya patebulo, ati ana athu azisewera ndi ana a othawa nkhondo kuti azolowerane. Tebulo lakelo ndinakhoma ndine. Mdzukulu wanga Millicent anagwirizana ndi Halimatu, mtsikana wa ku Burundi amene amayi ake ali ndi okala kumsika. Awiriwo akaima mbali imodzi, kampira sikawadutsa.

Kumapeto kwa mwezi uno kuli mpikisano ku Limbe. Trevor anandisiyira mafomu kuti ndilembe ana. Nditafika pa Halimatu ndinalemba Halimatu January, wa kwathu kwa Tengani, womuyang'anira ine. Ndinachita zomwe anachita bambo athu nthawi ya nkhondo ya ku Mozambiki, atatola Bennet, mwana wothawa nkhondoyo, ali ndi kabudula yekha, n'kukamulembetsa sukulu ndi dzina lathu kuti wina asamuloze chala.

Lachiwiri lapitali akomiti oyendetsa mpikisanowo anandiimika pamaso pa ana ngati wakuba. Ati ndalemba bodza. Ati lamulo la mpikisano ndi lakuti osewera awiriawiri akhale mmodzi wa kuno, wina wothawa, ndiye poti Halimatu ndamusandutsa Mmalawi, iye ndi Millicent sasewera. Trevor, mwana woti ndikhoza kumubala, anandiuza kuti kulandira munthu si kumubisa. Andiphunzitse ine kulandira mlendo? Anawaonapo iye anthu akuwoloka Shire, mphasa pamutu, ana akulira?

Ondipweteka kwambiri ndi amayi a Halimatu. Ndinkayesa adzandithokoza. Anabwera kuholo, mpando anaukana, n'kunena kuti, "Abambo, nyumba tinasiya, mwamuna ndinamuika panjira. Chimene chamutsalira mwanayu ndi dzina la bambo ake. Inu mwalichotsa ndi bolopeni." Anamugwira mwana dzanja n'kumapita, mpaka lero sanabwerenso kudzasewera. Millicent sakundiyankhula. Amangomenyetsa kampira kukhoma yekha, ine ndikusesa.

Akomiti ati alandira fomu yatsopano ndikakapepesa kwa mayiyo. Ndikapepese chiyani? Dzina la bambo anga ndi chinthu chopepesera? Sindimangolipereka kwa aliyense. Ana a kuno angati ndinawalemba January?

Moni kwa alamu, kwa achemwali a Mildred, kwa azakhali ngati makutu akumvabe, ndi kwa adzukulu onse.

Pempho langa ndi limodzi. Mupite kwa Bennet ku Bangula, alembe kalata yonena kuti dzina lathu silinamupweteke, mupatsire dalaivala wa minibasi, ndikawawerengere anthu amenewa sabata isanathe. Musamuuze choti alembe. Mukatsala awiri, mumufunsenso dzina la bambo ake omubala. Dzulo masana ndinakhala pabenchi kuyesa kulikumbukira, ndipo ndapeza kuti zaka makumi atatu zonsezi sindinamufunsepo. Akakana kulemba mundiuze msanga, fomu ina yosalemba ili m'thumba la jekete.

Ndine mng'ono wanu,
Lucius January