Mzati wa m'chipinda chanu

Okondedwa Bambo,

Landirani moni wochokera kwa tonse kuno ku Perth. Kaya maso anuwo akukuvutanibe? Ife tili bwino, mliriwu sunatikhudze, kungoti malire akadali otseka.

Chipinda chanu cha pansi pa nyumba chija tatsala pang'ono kuchimaliza. Chimene chinandisowetsa mtendere ndi mzati wachitsulo umene unaima pakati penipeni. Ndinkaopa kuti mudzagundapo mutu popita kubafa, ndiye ndinapempha amuna anga, bambo a Tadala, kuti auchotse. Iwo anaitana injiniya, amene atauyang'ana anati, "Mukachotsa uwu, khitchini yanu igwera pabedi."

Ndinakhumudwa ndithu. Koma Loweruka bambo a Tadala anabwera kuchokera kusitolo ya ku Welshpool ndi chingwe chonenepa cha khonje, ndipo tinakulunga mzati wonse mpaka kudenga. Iwo anati, "Abambo akaugwira azidziwa pamene ali. Kumanja kuli bedi, kumanzere kuli khomo."

Madzulo ake ndinatsikako ndekha, dzuwa likulowa pakawindo. Ndinatsinzina n'kuyenda monga muyendera inu, dzanja patsogolo, mpaka ndinakhudza chingwecho. Fungo lake linandikumbutsa zingwe za mbuzi zimene munkapota pakhonde. Ndinaima pomwepo nthawi yaitali, ndikukumvani mukutsokomola, mukufufuza wailesi yanu pabedi ngati munafika kale.

Achimwene, inu amene mukuwawerengera kalatayi, musatope kufunsa za pasipoti yawo, ndipo mankhwala a m'maso asamadumphitse. Bambo, Mulungu akusungeni mpaka tsiku limene ndidzakugwirani dzanja potsika masitepe athuwa.

Ine mwana wanu,
Chisomo