Mbali ya Gitala Ndakusiyirani

Bambo a kunyumba,

Mukafika simundipeza. Mkulu wa kwaya wandiimbira kuti, "Mayi, thamangani ku holo, sipika ikungolira ngati wezulo ndipo akwati ali m'njira." Ndikudziwa kale, aika maiki kutsogolo kwa sipika.

Pepani, mkaka ndi nyama ija zawonongeka. Firiji ndinazimitsa ine dzulo chifukwa phokoso lake limalowa mu nyimbo, kenako ndinaiwala kuyatsa. Ingotayani, musachite kununkhiza. Mabulangete musawafune pabedi, ndawapachika kuchipinda chaching'ono kuti mawu asamamveke ngati ndikuimbira mu ndowa. Chichokereni inu ndi lole yanuyo, nyumba ino imabweza mawu kwambiri, ngakhale ndikangotsokomola.

Nyimbo yathu ija ndajambula, koma mbali ya gitala ndasiya. Ndinayesa ya pakompyuta, sinandifike pamtima. Imaimba molondola kwambiri, sichedwa kulowa kolasi ngati inu.

Mukapuma, khalani pa mpando ndakuikiraniwo. Maiki italikirane ndi gitala ngati chikhato chimodzi, iloze pothera khosi la gitalayo, osati pa bowo. Valani mahedifoni, dinani batani lojambulira. Kanyali kofiira kakayaka, chepetsani voliyumu. Zingwe zinachita dzimbiri, ndaika zatsopano.

Mukalakwitsa musafufute, chonde. Mwina pobwera ndipeza mwanyamukanso, ndiye ndizimvera zomwezo, ndi kung'ung'udza kwanu komwe, ngati muli pompano.

Ine mkazi wanu