Chonyamulira chimanga

Loweruka madzulo. Mawondo akuwawa, koma mtima uli m'malo.

Lero ndagula siketibodi ya pa kaunjika ku Biwi, thabwa la matayala limene anyamata amakwera posewera. Ndinaitembenuza, kuzunguza tayala lililonse, kugogoda thabwa kuti ndimve ngati lili ndi mng'alu, mpaka wogulitsa anati, "Bambo, si ng'ombe iyi." Ndinakwera komaliza ndili mnyamata, nthawi imene bambo anga ankaphikira azungu.

Pofika kunyumba manyazi anandigwira. Mkulu wa mpingo, imvi zili mbuu! Mkazi wanga, mayi a Tiwonge, ndinawauza kuti ndagula chonyamulira chimanga. Anangoti, "Chabwino, tiyeni ku chigayo," n'kusanjikapo thumba.

Kuchigayoko kunali anthu ambiri. Mayi a Tiwonge ali pa mzere, ine ndinazemba nayo n'kupita kuseri, pa msewu wa tala wotsetsereka uja. Nditakwerapo, miyendo inakumbuka yokha. Sindinagwe.

Nditacheuka ndinawaona ataima, manja ali m'chiuno, ufa uli kumaso.

"Bambo a Tiwonge, mukathyoka mwendo ndidzakukankhirani ku chipatala pa chomwecho, Kawale yense akuona."

Koma sananene kuti ndisiye. Mawa tikaweruka ku tchalitchi, ndikangopeza msewu wosadutsa akhristu athu...