Uta wa Yamikani

Okondedwa achimwene,

Ndikhulupirira muli bwino ku Joniko. Kuno ku Manja tilipo, kungoti amayi miyendo ikuwavutabe.

Loweruka ndinapita kumsika wa Limbe ndi Yamikani, mwana wanga uja munamusiya akukwawa. Chiuonereni uta pa TV, wakhala akundisowetsa mtendere. Titafika pogulitsa mauta, iye anathamangira waukulu womuposa msinkhu, koma nsinga yake sinasunthe n'komwe. Bambo wogulitsayo anamusankhira wansungwi, womulekeza m'chibwano, ndi mivi yabango yopanda nsonga. Anamugwiritsa kuti akoke ndi dzanja lamanja, mwana n'kusintha. Anamubwezera, iye n'kusinthanso.

Bamboyo anaseka. "Mayi, uyu ndi wamanzere eti? Watengera ndani?"

Achimwene, mmene Yamikani anakokera, lilime lili panja, diso limodzi atatsinzina, ndinaona inu mukulasa mapapaya kuseri kwa nyumba, amayi akukukalipirani za dzanja lomwelo.

Pakhomo pano palibenso wamanzere wina woti amuphunzitse. Chonde bwerani, ngakhale pa Khirisimasi pokha, utawu usanamuchepere. Mulungu akusungeni.

Ine mlongo wanu,
Esinati