Wometa Amphaka

Lolemba, 3 Juni
Tiana ta mphaka wanga wa muno m'shopu yometera tayamba kutuluka m'katoni. Tonse titatu ndevu zoduka, zangotsala zitsotso. Woyamba kuona ndi mlamu wanga, katswiri wa chilichonse. Akuti, "Alamu, anthu akutherani mpaka mwayamba kumeta amphaka?" Benchi yonse kufa nacho chiseko. Zaka zonsezi ndikumeta anthu, kutchuka kwabwera ndi amphaka.

Lachitatu, 5 Juni
Mlamu uja wakwezedwa, tsopano ndi dokotala. Wauza msika wonse kuti timphakati tili ndi zipere, ndipo makina anga akufalitsa. Lero mitu iwiri basi, wina wadazi. Ndasesa pansi popanda tsitsi, kuti tsache lisaiwale ntchito.

Lachisanu, 7 Juni
Eni nyumba abwera, aima patali ngati muno muli maliro. "Amphakawo kapena inuyo, wina atuluke." Mayi akunyumba akuti mwina timayandikira moto n'kupsa ndevu. M'shopu yometera, moto? Zikomo, madokotala akwana awiri.

Lolemba, 10 Juni
Kwa dokotala weniweni wa ziweto, katoni panjinga. Wayang'ana khungu, palibe chipere. Akuti make akamatinyambita amatafunanso ndevuzo, nthawi zina timalumana tokha posewera. Zimameranso. Pobwera ndakhala pansi n'kuyang'anitsitsa. Zoonadi. Make wakapanikiza kamwana kamodzi ndi phazi, kukutu kukutu, ndevu mbali yonse psiti. Wometa mnzanga, m'shopu mwanga momwe, ndipo womudyetsa ndi ine.

Lachinayi, 13 Juni
Ndafotokozera aliyense mpaka kukhosi gwa. Za zipere anamva ndi ogontha omwe, za dokotala wa ziweto palibe ali ndi makutu. Eni nyumba osasintha. Mlamu akuti, "Ine ndinangonena zimene ndinaona." Maso abwino zedi. Mlongo wanga watenga tiana tonse titatu, poti tayamba kudya tokha. Kakang'ono kanandigwira chala ndi zikhadabo pokalowetsa m'dengu.

Loweruka, 15 Juni
Benchi yadzazanso, zipere zachira zokha. Make akungozungulira katoni yopanda kanthu, kulira mpaka mawu kusasa. Chakudya osachinunkhiza n'komwe. Ndazimitsa makina mutu wa munthu uli theka, ndamunyamula mphakayo, ndakhala naye pakhomo. Mwini mutu akuti nditsirize. Adikire.