Zithunzi za Achemwali

Lolemba, 3 Malichi
Achemwali aponyanso chithunzi pa intaneti. Ali pakhonde, kapu m'manja, mano onse pamtunda. Pansi alemba kuti, "Mtendere wokhawokha." Amayi kundiimbira: "Waona mmene banja lamuyanjira mkulu wako? Iwe ndi mitu ya eni basi." Ndinangoseka.

Lachitatu, 5 Malichi
Ku saluni kunalibe anthu, ndiye ndinayamba kuona zithunzi zawo chobwerera m'mbuyo. Tsitsi limenelo ndinawaluka ndine, mu Disembala. Miyezi itatu osafumuka, osamera n'komwe m'mphepete? Zithunzi zonsezi n'zakale. Wina akungozitulutsa chimodzichimodzi.

Lachinayi, 6 Malichi
Ndaimba kanayi, osayankha. Kenako meseji: "Ndili bwino mng'ono wanga." Chibadwire sananditchulepo choncho. Amanditi Kamphuno.

Loweruka, 8 Malichi
Ndinapitako osauza munthu. Alamu anatsegula geti akumwetulira ngati amandidikira. Dzuwa lili phwee koma makatani onse otseka. Achemwali pa sofa, duku kumutu, mikono ngati timitengo. Foni yawo ili m'thumba la malaya a alamu.

Ndinati, "Mukudwala kodi?" Anayankha ndi alamu: "Kutopa chabe." Sanatisiye awiri ngakhale mphindi imodzi. Potsanzikana akuti, "Tiyeni kachithunzi, alamu, anthu adziwe kuti kunabwera alendo." Achemwali anamwetulira pompo, ngati wina wayatsa getsi. Koma kumsana kwanga chikhadabo chawo chinkandikanda, kukanda, kukanda.

Lamulungu, 9 Malichi
Chatuluka. "Tsiku lokoma ndi mng'ono wanga." Choopsa n'chakuti inenso ndikuoneka wosangalala zedi. Amayi aikapo mitima itatu. Ndachiyang'ana mpaka kuyamba kudzikayikira, mwina zinalidi bwino?

Ayi. Malaya akakhudza pamsana pakuwawabe.

Lachiwiri, 11 Malichi
Ndinatengana ndi amalume, aja owotcherera zitsulo. Poyamba ankakana, akuti mwanayo akuoneka wonenepa pa foni. Tinaima pakona pafupi ndi kwa achemwali mpaka galimoto ya alamu itakhota kupita kuntchito.

Geti anakhomera kunja, loko wamkulu. Ndinakuwa. Katani ya kukhitchini inasuntha, achemwali anasuzumira. Anangoloza pamwamba pa khomo: kakamera, kagetsi kofiira kakuphethira.

Amalume anawayang'ana nthawi yaitali, kenako anatulutsa sowo m'chikwama. Atangoyamba kucheka, foni yanga inalira. Nambala ya achemwali, eni ake ali apo pawindo, manja onse awiri pagalasi.

"Isiye ilire," anatero amalume. "Gwira lokoyu asamagwedezeke."